Buku la Mayina a pa Malata

Empumalanga, Hwange
Lachinayi madzulo

Esinati mwana wanga,

Mayi ako akuti ndikusiye upume poti mawa uli ndi ulendo. Chabwino, ndakusiya. Pakamwa anditseka koma dzanja sanandimange, ndiye ndikulemba. Kalatayi ukaitsegule sitima ikangonyamuka pa Thomson Junction, pamene sungathenso kundiyankha kuti "Yekelani baba," ati zisiyeni bambo, m'Chindebele chako chija n'kutuluka panja ngati wamva kuitana.

Pepala lako ndaliona. Unalisiya wekha patebulo, pansi pa botolo la mchere, ndiye usanene kuti ndinapisa m'chikwama chako. A ku koleji ku Bulawayo anati wophunzira aliyense abwere ndi maganizo a buku limene adzapange yekha chaka chino, zilembo, zithunzi ndi chikuto chomwe. Iwe walemba maganizo asanu ndi awiri. Kalendala ya nyama za ku paki. Kabuku ka mathithi ka azungu odzaona malo. Pepala lomata pa botolo la maheu. Buku la a, e, i, o, u la ana. Enawo ndaiwala, anali a mtundu womwewo. Koma lomaliza lija, limene unalifufuta ndi mizere itatu mpaka bolopeni kuboola pepala, ndinatuluka nalo padzuwa n'kuliwerenga bwinobwino. Unalemba kuti: buku la mayina a pa malata a ku manda akale a ku komboni. Limenelo ndilo buku lako, Esinati. Enawo ndi a anthu ena.

Amene anakufufutitsa ndikumudziwa. Ndi amalume ako a Jailosi, Lamlungu lija atakhuta nkhuku yanga. Unangotchula za bukulo, iwo n'kuseka mpaka kutsamwa, amvekere, "Ngubani ozathenga ibhuku lamangcwaba?" Ati ndani angagule buku la manda. Kenako anakulangiza kuti ku Bulawayo ukatseke pakamwa, anzako asakadziwe kuti ndiwe Mnyasalande. Taona nkhaniyi! Munthu woyamwa bere limodzi ndi mayi ako, amene bambo ake agona m'manda omwewo, lero akutifunsa funso lotere, m'chilankhulo chobwereka. Ine ndinangoti chete polemekeza mayi ako, ndipo ndinalakwa. Iwe unaona bambo ako atakhala chete, n'kuganiza kuti avomereza. Sindinavomereze, ndinakwiya mpaka lero ndikadali wokwiya.

Ukudziwa kuti moyo wanga wonse ndinali wolemba zikwangwani ku wekishopu ya penti ku mgodi. BASOPA aliyense amene umamuona pa geti, AIKONA BEMA LAPA aliyense woletsa fodya pafupi ndi mafuta, anatuluka m'dzanja ili. Ku koleji sindinapondeko. Zimene ndikudziwa ndinaziphunzira polakwitsa, ndiye ndikupatsa zolakwa zangazo kuti iwe ukalakwitseko zina zatsopano.

Ndiyambe ndi chipale. Ndili mnyamata, ndisanawaone n'komwe mayi ako, mwini sitolo ina ku Ingagula anandipatsa zenera kuti ndimukongoletsere za Khirisimasi. Ndinatola khadi la azungu mu bini ya ku ofesi n'kukopera zonse: kanyumba ka chumuni, mitengo yosongoka, ndi chipale chofewa chija mbuu padenga. Masiku atatu ndili thukuta kamukamu, penti ikuuma pa burashi ndisanaifikitse pagalasi, poti kutentha kwa kuno mu Disembala ukukudziwa. Nditamaliza ndinaima patali, manja m'chiuno, kudikira ondiyamikira. Anafika amayi awiri achinambya, mtundu wa konkuno, madengu pamutu. Mmodzi anayang'anitsitsa n'kufunsa mnzake kuti, "Nyumba ya yani yapsayi, phulusa mpaka padenga?" Mwini sitolo anandipatsa chiguduli ndi palafini tsiku lomwelo. Ndinajambula chinthu chimene phazi langa silinapondepo, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga anandigwira bodza. Njovu zako za pa kalendala zija ndi zokongola, sindikukana, koma theka la kalasi lidzabwera ndi njovu, ena oti sanaionepo ndi ndowe yake yomwe. Manda a ku komboni palibe wina adzabwere nawo. Usafufute, wamva?

Ulendo wina ndinabisa dzina langa. Panali butchala yatsopano muno mu Empumalanga, mwini wake a Sibanda, ndipo ndinkafuna ntchito ya chikwangwani chawo. Ndinadziuza kuti Banda ngati ine sangapatsidwe, ndiye ndinakalowa ndili Ndlovu, dzina la Chindebele. Masiku anayi tikuyankhulana Chindebele, changa cholumaluma, chawonso ndinkachimva kuti chikutsimphina koma ndinkati mwina ndi mano. Tsiku lokhoma chikwangwani ine ndili pamwamba pa makwerero, iwo agwirira pansi. Nyundo inandipulumuka n'kuwatera pachala chachikulu cha kuphazi. Anakuwa, "Mayo ine, chala changa!" Ine osaganiza, "Pepani achimwene!" Tinayang'anana. Kani anali a Banda a ku Ntcheu, anangowonjezera zilembo ziwiri kutsogolo kuti malonda ayende. Tinaseka mpaka misozi, anandipatsa ndi chiwindi chaulere. Koma pobwerera kunyumba sindinaseke. Amuna awiri a ndevu, a mfunda umodzi, kubisalirana masiku anayi ngati akuba, chikhalirecho palibe anaba kanthu. Pa chitupa changa analemba kuti ndine mlendo, ine wobadwira m'komboni muno, amene mapapo a bambo anga anatha ndi fumbi la malasha a dziko lino. Zimenezo analemba ndi iwo. Koma Ndlovu uja ndinadzilemba ndekha, ndipo ndi amene amandipweteka kwambiri. Pa chikuto cha buku lako ukalembe Esinati Banda, zilembo zooneka munthu ali pakhomo.

Tsopano za malata enieniwo, chifukwa pali zimene sukuzidziwa. Agogo ako ndi anzawo a sosayiti ya maliro anali ndi lamulo lawo. Munthu akamwalira kuno, kutali ndi kwawo, ankadula lata n'kuboolapo dzina ndi msomali ndi nyundo, kabowo kabowo mpaka chilembo chioneke. Ankalemba dzina la kumudzi, mfunda, mudzi ndi boma, kuti wachibale akadzabwera kuchokera ku Malawi, kaya ku Zambia, kaya ku Tete, adzapeze pogwada. Wobowola anali a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu amene sukulu anangoinunkhiza, zilembo zawo zopendama ngati mpanda wakale. Ine nditadziwa penti ndinayamba matama. Ndinaima pa msonkhano wa sosayiti n'kunena kuti nthawi ya misomali inatha, anthu athu agone ndi zilembo zaulemu ngati azungu. Anandipatsa ntchitoyo. Ndinkapaka lata penti yoyera, pamwamba zilembo zofiira za michira, anthu pamaliro n'kumagwedeza mitu kuti koma mwana wa a Banda ndi katswiri. A Mbewe sanakangane nane. Anangondipeza ku wekishopu nati, "Mwana wanga, dzuwa la kuno ku Wanki silidya bowo." Ine ndinaseka. Pita lero ukaone. Malata a a Mbewe achita dzimbiri koma ukhoza kuwawerenga ngakhale ndi chala, utatsinzina. Anga ambiri angoti mbee, poti penti yofiira ndi imene dzuwa limayamba kunyambita. Chakomakoma pusi anagwa chagada. Mizere isanu yathunthu ya anthu ndinaifufuta ine ndi burashi yanga, ndikuyesa ndikuwalemekeza.

Ndiye mvetsa chifukwa chake ndikukuumiriza. Mizere isanu imeneyo yatsala m'mutu mwanga mokha. Ndikaima pa manda ndimakumbukabe kuti apa ndinalemba uje wa kwa uje, chifukwa dzanja likalemba chinthu mutu suiwala msanga. Koma ng'ala yayamba kale m'diso lakumanzere, ndipo chaka chatha ndinaima pa manda awiri mutu uli gwa, osatulutsa kanthu. Kuwonjezera apo, masiku ano a njala anthu akuzula malata n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Mwezi watha ndinapeza mitengo itatu ili yokhayokha, malata atapita. Amalume ako akuti udikire, udzapange bukulo ukadzalemera. Adikire ndi iwo. Dzuwa silikudikira, akuba sakudikira, diso langanso silikudikira.

Usandiuze za mapepala kuti m'masitolo mulibe. Ndikudziwa, ngakhale mchere tikuchita kuusaka. Matumba a simenti ali ndi mapepala atatu, lapakatilo ndi loyera bwino, ukalisita ndi ayironi limagona. Ndakusungira mulu pansi pa bedi. Ukabwera pa holide tidzapita m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Udzagoneka pepala pa lata la a Mbewe n'kukhutiza pamwamba ndi chidutswa cha malasha, mabowo onse adzatuluka pa pepala monga momwe msomali unalowera. Ndayesa kale, zikutheka, ungosamala kusankha malasha ofewa. Anthu aja anafera malasha, ndiye malasha omwewo awalembe mayina. Ku mizere yanga ine ndidzatchula, iwe uzidzalemba. Ndipo ngati ku koleji akuphunzitsani kupanga zilembo zanuzanu, usakakopere za m'mabuku a kunja. Ukatenge zilembo zopendama za a Mbewe, za madonthomadontho zija, ukazikonze pa kompyuta zikhale zilembo za buku lonse. Ndinawanyoza ali moyo, iwe ukawabwezere ulemu.

Munthu mmodzi tsamba limodzi, usawapanikize ngati mu kombi yonyamula anthu. Amene dzina lake latayika, lata kulibe, inenso ndaiwala, umusiyire tsamba lake loyera, ungolemba mzere ndi malo amene wagona. Usapeke dzina kuti tsamba lidzaze, ndakukaniza. Mawu ofotokoza ayambe m'Chinyanja pamwamba, Chindebele ndi Chizungu zibwere pansi. Ndikudziwa kuti Chinyanja chako n'chothyokathyoka, umati ukayamba chiganizo n'kukachimalizira ku Bulawayo. Usachite nacho manyazi, mako ndi mako angachepe mwendo. Udzalemba, mayi ako adzakonza, poti iwo ndi amene amawerenga Baibulo la Chinyanja ku chigwirizano cha amayi. Za chikuto ganiza wekha, ndiwe wophunzira. Ine ndikanakuta ndi nsalu ya ovolosi yakale n'kusoka ndi ulusi wa nsapato, koma mwina ndi maganizo a nkhalamba.

Aphunzitsi ako ukawamvere. Akakuuza kuti zilembo zathinana, zathinanadi. Akati m'mbali mwa tsamba mwachepa, ukakonze osatukula mlomo. Kompyutayo ukaiphunzire mpaka izikuopa, usakhale ngati ine amene ndinaiona ikulowa ku wekishopu n'kuitukwana m'malo moifunsa. Pa luso ukhale wofatsa ngati mkamwini watsopano. Koma wina akadzati nkhani yakeyi siyoyenera, anthu ake ndi obwera, sankha ina, pamenepo ukaime nji. Ukamufunse mwaulemu kuti, obwerawo amene anakumba malasha oyendetsa sitima imene inakubweretsani kuno, aikidwe m'buku liti? Akapanda kuyankha, ukapitirize ntchito yako. Akakuchotsera mamalikisi, achotse. Ubwere nalo bukulo kuno tidzalichonge ife eni ake.

Mayi ako alowa, akuti ndilembenso kuti uzidya, uzipita ku tchalitchi, ndipo anyamata a ku Bulawayo ali ndi pakamwa pozuna. Ndalemba. Akutinso nsapato zakuda aziika pansi pa thawulo. Atuluka, ndiye ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira, chimene ngakhale iwo sakuchidziwa.

M'komboni munali mkulu wina wogwira ntchito pansi pa mgodi, aliyense ankamuti a Foloko. Dzina limenelo anapatsidwa ndi kalaliki tsiku lolembedwa ntchito, monga ankachitira ndi ambiri amene mayina awo ankavuta pa lilime la mzungu. Analibe mkazi kuno, analibe mwana. Atamwalira ndi chifuwa, mnzawo wogona naye chipinda chimodzi anabwera ku wekishopu ndi kapepala, nati, "Mwana wa a Banda, dzina lawo lenileni ndi ili, anandiuza ali pa mphasa. Ulembe lonse." Ndinaliyang'ana, linali lalitali, dzina, la bambo awo, mfunda, mudzi, boma. Pa lata limene ndinali nditadula kale silikanakwana ndi zilembo zanga zazikulu za michira zija, ndipo kudula lina ndinachita ulesi, kuchepetsa zilembo ndinachita matama. Ndinalemba FOLOKO, zilembo zisanu ndi chimodzi zonenepa bwino, pansi pake mtanda ndi maluwa. Pamaliro palibe anadandaula, poti onse ankawadziwa choncho. Mnzawo uja anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo atatuluka anakwera sitima kubwerera kwawo osaliona latalo. Kapepala ndinapukutira burashi.

Patapita zaka zambiri, iwe uli pamsana, kunabwera mayi wina kuchokera ku Dedza, dzina lake Elube. Anagulitsa mbuzi zake kuti apeze ulendo. Bambo ake anachoka iye ali m'mimba, ndipo ankafuna kuona pamene anagona ndi kutengako kadothi kuti akaike pa manda a mayi ake kumudzi. A sosayiti anandiitana ine, mwini malata, kuti ndimuperekeze. Atatchula dzina la bambo ake, ndinalizindikira pomwepo. Koma panali tcheyamani wa sosayiti, panali abusa, ndipo ine nthawi imeneyo ndinali nditangosankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Kunena kukanakhala kuvomera pamaso pawo kuti ndinaphwanya lamulo la sosayiti chifukwa cha maluwa. Ndinati, "Dzina limeneli sindikulikumbuka, mayi, tiyeni tiyang'ane." Tinayenda mzere ndi mzere dzuwa lili pamutu, iye akuwerenga lata lililonse ndi chala. Anafika pa FOLOKO, anawerenga, anati, "Koma maluwa okongola," n'kupitirira. Ine ndili pambuyo pake, Esinati, pafupi moti ndikanamugwira phewa. Ndinadziuza kuti ndimuuza mawa tili awiri. Mawa lake ndinapeza atakwera sitima. Abusa anandiuza kuti anatapa kadothi pa geti la manda, n'kumanga pa nsonga ya chitenje, nati bola pamenepa bambo anadutsapo.

Chiyambire tsiku limenelo sindinauzepo munthu, ndipo latalo sindinalikonze, chifukwa kulikonza kunali kudziulula. Lero ndatopa nawo mantha. Auze mayi ako, auze abusa, auze ndi amalume ako omwe aseke mpaka atsamwenso, ine sindikubisanso. Mzere wachitatu kuchokera ku mtengo wa mupani, manda achisanu ndi chiwiri. Penti inatha kalekale, latsala lata loyera. Amene agona pamenepo ndi awa:

Zakeyu Chidzanja Mwale, mudzi wa Kamtengeni, boma la Dedza.

Ameneyu akhale tsamba loyamba. Ukalembe dzina lonse, ndipo likakana kukwana, ukakulitse tsamba, dzinalo usalidule. Pansi pake ukalembe kuti amene analakwitsa ndi Jemusi Banda wolemba zikwangwani, anthu adziwe. Buku loyamba kutuluka m'manja mwako silako, si langanso, si la aphunzitsi. Chaka chilichonse pamakhala wa mpingo wopita ku Malawi, tidzampatsira akalifikitse kwa Kamtengeni, akafunse Elube mwana wa a Zakeyu. Ngati ali moyo, akugwadirabe dothi la pa geti kuyesa ndi bambo ake.

Pita bwino, mzime wanga, Mulungu akutsogolere. Koma ukachite changu. Mayi ameneyo ndi wamkulu kwa ine.

Ndine bambo ako,
Jemusi Banda